Mzinda Umene Unamangidwa ndi Fodya

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi, pa nthawi ya alimi, ndi mlangizi wa zaulimi wa ku Nsaru m'boma la Lilongwe. Taisindikiza muno kuti amene sanaimve aiwerenge, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzawo.

Ino ndi nyengo yofesa fodya pa nazale, ndipo ndidziwa kuti ambiri a inu muyembekeza kuti ndinene za kuthirira ndi za mankhwala. Zimenezo tidzakamba sabata ya mawa. Lero ndifuna kukusimbirani mbiri ya mzinda wina wakutali, chifukwa cha funso limene bambo wina wachikulire anandifunsa.

Bamboyo anadza kwa ine atagulitsa fodya wake, pepala la ku okushoni lili m'manja. Anati, "Alangizi, tandiwerengerani kalatayi, pakuti ine maso anatha." Ndinawerenga. Pamwamba panali ndalama zambiri ndithu, zoti munthu n'kugulira ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Koma m'munsi mwake munali mizere yochotsera: ngongole ya feteleza, ya mbewu ndi mankhwala, mtengo wa galimoto yonyamula mabelo, ziguduli ndi misonkho. Pofika pa mzere wotsiriza panatsala zochepa, zosakwanira ngakhale kulipira anthu amene anamthandiza kuthyola ndi kusoka. Mkuluyo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndalima fodya chiyambire unyamata wanga. Kodi ndalama za fodya zimapita kuti?"

Tsiku limenelo sindinamyankhe bwino. Lero ndiyesa kuyankha, ndipo yankho langa ndiliyambira ku mzinda wa Glasgow.

MZINDA WOPANDA CHIGAFA

Glasgow ndi mzinda waukulu koposa m'dziko la Scotland, kumpoto kwa England, ndipo uli m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ndi dziko lozizira, la mvumbi wosatha. Mungayende mzinda wonsewo osaona munda wa fodya kapena chigafa ngakhale chimodzi. Komabe chuma choyamba chimene chinakuza Glasgow chinachokera ku fodya.

Kale Glasgow unali mudzi wocheperapo, wodziwika ndi tchalitchi chake chachikulu ndi sukulu yake ya ukachenjede imene inayamba mu 1451. Mtsinje wa Clyde unali wosaya, kotero kuti zombo zazikulu zinkaima kutali kumunsi, pa doko limene anayamba kumanga mu 1668, lotchedwa Port Glasgow. Zinthu zinasintha mu 1707, pamene Scotland ndi England anagwirizana kukhala ufumu umodzi. Kuyambira pamenepo amalonda a ku Scotland analoledwa kuchita malonda ndi maiko amene Angerezi ankalamulira kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, monga Virginia ndi Maryland ku America, kumene kunali minda yaikulu ya fodya.

Glasgow unali ndi mwayi umodzi. Chombo chochokera ku Clyde chinkadzera kumpoto kwa Ireland nichifika ku Virginia msanga, kusiya cha ku London m'mbuyo ndi masabata awiri kapena atatu. Fodya ankabwera m'migolo yaikulu yamatabwa, umodzi wolemera ngati makilogalamu 450. Mu 1771 fodya wofika ku Clyde anaposa makilogalamu 20 miliyoni, ndiko kunena pafupifupi theka la fodya yense wolowa m'Britain. Anthu a ku Scotland sanasute fodya yenseyo ayi. Wambiri ankangotsitsidwa pa doko, kulembedwa m'mabuku, ndi kukwezedwanso m'zombo kupita ku France, Holland ndi Germany. Lamulo la Britain linkati fodya wa ku Virginia asapite kwina kulikonse asanadzere ku madoko a Britain. Motero mlimi wa ku Virginia sankadzisankhira msika, ndipo phindu lalikulu linkatsala ndi munthu wapakati.

MAFUMU A FODYA

Anthu apakatiwo anali mabanja owerengeka, okwatirana okhaokha, ndipo anthu anawatcha Mafumu a Fodya. Otchuka mwa iwo anali John Glassford, Alexander Speirs, William Cunninghame ndi a banja la Buchanan. Ankavala mikanjo yofiira, zipewa za nsonga zitatu ndi tsitsi loyera lochita kuvala, ndipo m'manja ankanyamula ndodo za mitu yonyezimira. Pa msewu wa Trongate panali kachigawo koyalidwa miyala yosalala pamene iwo ankapondapo madzulo. Akuti munthu wamba akafuna kulankhula ndi mmodzi wa iwo ankaima pambali m'matope, kudikira kufikira mkuluyo atamponyera diso.

Maina awo sanafafanizike. Pakati pa mzindawo pali Glassford Street ndi Buchanan Street, paliponso Virginia Street ndi Jamaica Street, maina a maiko kumene chumacho chinachokera. Nyumba imene Cunninghame anamanga cha m'ma 1780 ndi ndalama zokwana £10,000 ikalipo, ndipo kuyambira mu 1996 ndi nyumba yoonetseramo zithunzi ndi zosemasema.

SITOLO NDI BUKU LA NGONGOLE

Tsono tamverani m'mene anthu amenewa analemerera, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yathu.

Amalonda a ku London ankachita ndi alimi olemera okha: mlimi ankatumiza fodya wake ku London, nadikira miyezi yambiri kuti amve mtengo. A ku Glasgow anachita mwina. Anatumiza anyamata awo ku Virginia kukatsegula masitolo m'mbali mwa mitsinje monga Potomac, Rappahannock ndi James, kufupi ndi alimi ang'onoang'ono. M'sitolomo munali makasu, nkhwangwa, misomali, nsalu, miphika, mchere ndi zina zonse zimene banja lifuna. Mlimi sankafunika kukhala ndi ndalama. Ankatenga katundu, wa m'sitolo nalemba m'buku, ndipo fodya akauma mlimi ankabwera naye ku sitolo yomweyo kudzabweza ngongole.

Poyamba zinaoneka zokoma, ndipo kunena zoona zinathandiza alimi ambiri kuyamba ulimi. Koma taonani: amene ankaika mtengo wa khasu ndi nsalu anali wa m'sitolo, amene ankaika mtengo wa fodya anali yemweyo, ndipo amene ankasunga buku anali yemweyonso. Chaka chimene fodya watsika mtengo, ngongole inkatsalako. Kuti aibweze, mlimi ankakuza munda natenganso katundu wina pa ngongole. Alimi onse akakuza minda fodya ankachuluka, mtengo nutsikanso. Munthu wa ngongole sakanatha kupita kwa wogula wina. Pofika mu 1775 alimi a ku America anali ndi ngongole yoposa £1,000,000 kwa amalonda a ku Glasgow.

Musayese kuti ogwidwa mu msamphawu anali osaphunzira okha. Thomas Jefferson, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wachitatu wa dziko la America, anali mlimi wa fodya, ndipo ina mwa ngongole zake inali ya kwa amalonda a ku Glasgow. Anamwalira mu 1826 akali m'ngongole zambiri.

NTHAKA INATOPA

Chinthu chachiwiri chimene fodya anadya ku Virginia ndi nthaka. Inu mudziwa kuti fodya ndi mbewu yadyera. Alimi a kumeneko ankatema nkhalango, kubzala fodya zaka zitatu kapena zinayi pa malo amodzi, ndipo nthaka ikaguga ankaisiya zaka ngati 20 napita kukatema nkhalango ina. Anthu atachuluka, malo atsopano anayamba kusowa kufupi ndi nyanja, ndipo minda yakale inasanduka zigwembe ndi tchire.

Mlimi wina anaona tsokali likudza. Dzina lake ndi George Washington, amene mu 1789 anakhala mtsogoleri woyamba wa America. Iye anali ndi ngongole kwa amalonda a ku London, ndipo fodya wa m'munda mwake ku Mount Vernon sankagulidwa bwino. Cha m'ma 1765 anayamba kusiya fodya nabzala tirigu ndi chimanga, namanga chigayo chake, nayamba kasinthasintha wa mbewu. Koma m'mabuku a ku Glasgow munalibe mzere wolembapo kuguga kwa nthaka. Mtengo umenewo analipira ndi mlimi ndi ana ake.

AMENE ANAGWIRA KHASU

Tsono tifike pa mdima weniweni wa mbiri imeneyi. Ndakhala ndikuti "alimi a ku Virginia," koma ambiri mwa amene anagwira khasu sanali eni minda. Anali akapolo ochokera kuno ku Africa. Oyamba, anthu ngati 20 ogwidwa kudera la Angola, anatsitsidwa ku Virginia mu 1619. Pa kalembera wa mu 1790 akapolo m'Virginia mokha anaposa 290,000. Ntchito yawo inali yomweyi imene inu muidziwa: kufesa, kuwokera, kupalira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira, kutola mbozi ndi manja, kukolola ndi kupachika. Kusiyana kwake n'kwakuti sankalandira kanthu, ndipo mwini munda akapanikizika ndi ngongole ankagulitsa anthuwo. Jefferson uja atamwalira, akapolo ake 130 anagulitsidwa mu 1827 kuti ngongole ibwezedwe, mabanja nabalalika.

Kwa zaka zambiri anthu a ku Glasgow ankati iwo za ukapolo sizikuwakhudza, pakuti zombo zonyamula akapolo zinkachokera makamaka ku Liverpool, Bristol ndi London, ndipo za ku Clyde zinali zochepa. Koma wolandira nyama yakuba sangati sadziwa mbuzi. Ndiponso ena analowamo ndi manja awo. Richard Oswald, amene anaphunzira malonda ku Glasgow, anagula pamodzi ndi anzake chilumba cha Bance pa mtsinje wa Sierra Leone mu 1748, ndipo kuchokera pamenepo anatumiza akapolo oposa 12,000 kutsidya kwa nyanja. Mlendo wina amene anafika pa chilumbacho mu 1773 analemba kuti Azungu a pamenepo anali ndi bwalo la masewero a gofu, ndipo anyamata achikuda owanyamulira ndodo anavekedwa nsalu zamandalasi za mtundu wa ku Scotland.

Pali chithunzi china chotchuka cha John Glassford ndi banja lake, chojambulidwa cha m'ma 1767. Kumbuyo kwa mpando wake kuli mnyamata wachikuda womtumikira. Kwa nthawi yaitali mnyamatayo sankaoneka bwino, ndipo anthu ankati a m'banjamo anamfafaniza chifukwa cha manyazi. Koma mu 2007 akatswiri atatsuka chithunzicho anapeza kuti palibe anamfafaniza: linali litsiro la zaka zambiri limene linamphimba. Amene anafafanizidwadi anali mkazi wachiwiri wa Glassford, pakuti atamwalira anajambulapo nkhope ya mkazi wachitatu. Dzina la mnyamatayo silidziwika.

Mu 1778 kapolo wina dzina lake Joseph Knight, amene mbuye wake anabwera naye kuchokera ku Jamaica, anapambana mlandu ku bwalo lalikulu la ku Edinburgh, ndipo oweruza anagamula kuti malamulo a Scotland sazindikira ukapolo. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo Azungu okumba malasha m'migodi ya Scotland anali omangika kwa eni migodi moyo wawo wonse, ndipo sanamasulidwe kotheratu kufikira mu 1799. Pamene Britain anakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ake mu 1833, boma linapereka £20,000,000 ya chipepeso. Ndalamazo zinapita kwa eni akapolo, ena a iwo a ku Glasgow. Akapolowo sanalandire ngakhale kobiri.

MALONDA ANATHA, MZINDA UNATSALA

Mu 1775 kunabuka nkhondo pakati pa Britain ndi anthu a ku America ofuna kudzilamulira, ndipo inatha mu 1783. Zombo za fodya zinaima. Akuti Cunninghame anagula fodya yense amene anzake anali naye m'nkhokwe mtengo ukali wotsika, namsunga, namgulitsa fodya atasowa pa mtengo wokwera kambirimbiri. Ena sanachite mwayi. Kampani ya Andrew Buchanan inagwa, ndipo Glassford anamwalira mu 1783 ali ndi ngongole zazikulu.

Koma mzinda sunagwe. Chifukwa chake n'chakuti amalondawo sanaike chuma chawo chonse mu fodya. Phindu la fodya anagulira malo, anatsegulira mabanki, anamangira nyumba zopangiramo nsalu, zingwe, zikopa ndi zitsulo. Fodya atatha analowa malonda a shuga ndi thonje, zimenenso zinkalimidwa ndi akapolo. Mtsinje wa Clyde anaukumba kuti uzame, ndipo pambuyo pake unatchuka pa dziko lonse ndi ntchito yopanga sitima zapamadzi. Sitima yathu ya Ilala inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa, niyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951.

Chumacho sichinafike kwa onse ayi. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale ankakhala mothinana, banja lonse m'chipinda chimodzi, ndipo mu 1832 matenda a kolera anapha anthu oposa 3,000 mumzindamo.

NJIRA YOCHOKERA KU GLASGOW KUDZA KWATHU

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga zonsezi zitikhudza bwanji ife a ku Nsaru?" Tamverani.

Makilomita ngati 13 kuchokera ku Glasgow kuli kamudzi kotchedwa Blantyre, kumene kunali fakitale yopota thonje. M'chipinda chimodzi cha nyumba za antchito a pamenepo munabadwa David Livingstone mu 1813. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Thonje limene ankagwira linali lolimidwa ndi akapolo. Mu 1836 anayamba kuphunzira za udotolo ku Glasgow, ndipo mu 1859 anafika pa nyanja yathu, napeza malonda a akapolo ali pachimake. Iye ankakhulupirira kuti malonda abwino a mbewu ndiwo adzathetse malonda a anthu.

Livingstone atamwalira mu 1873, anthu a ku Scotland anatumiza amishoni: a Livingstonia mu 1875, ndi ena amene mu 1876 anamanga m'dziko la Mfumu Kapeni natcha malowo Blantyre. Mu 1878 amalonda olemera a ku Glasgow anayambitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes, natuma abale awiri, John ndi Frederick Moir, kudzaiyendetsa. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linagwera kampani yonse ndi masitolo ake amene agogo athu ankagulamo nsalu. Nyumba ya Mandala ya mu 1882 ikalipo ku Blantyre, koma likulu la kampaniyo linali ku Glasgow, ndipo mabuku aakulu ankawerengedwa kumeneko.

Makolo athu anali ndi fodya wawo kalekale, wosuta ndi wofwenkha. Koma fodya wa mtundu wa ku Virginia anabwera ndi Mzungu wina wa ku Scotland, John Buchanan, ndipo woyamba kutumizidwa kunja anachoka mu 1893. Mu 1901 makampani 13 a fodya a ku Britain anaphatikizana kupanga Imperial Tobacco Company, ndipo imodzi mwa iwo inali Stephen Mitchell and Son ya ku Glasgow. Chuma cha Stephen Mitchell ndicho chinayambitsa nyumba yaikulu yowerengeramo mabuku ya mzindawo mu 1877. Kampani ya Imperial imeneyi inatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908.

FODYA AFIKA KU LILONGWE

Kuno kwathu fodya wa malonda anakula kuyambira cha m'ma 1920, pamene A. F. Barron anatsegula esiteti ya Mbabzi kumadzulo kwa Lilongwe, ndi mnzake Wallace ku Lingadzi. Barron anayamba kugawa mbande kwa anthu a m'midzi ndi kuwatumizira akapitawo owaphunzitsa kalimidwe ndi kawotchedwe ka fodya wa chikopa, pa pangano lakuti fodyayo adzagulitse kwa iye. Pa zaka zochepa alimi anachuluka kufika zikwi zambiri. Kodi simukuona kufanana kwake ndi masitolo a ku Virginia aja?

Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Bungweli linkalemba maina a alimi, kuika malire a kukula kwa munda, kusankha malo a misika ndi kudula msonkho pa fodya. Akapitawo ake, amene ntchito yawo ndi kholo la ntchito yanga ino, ankazula fodya wa munthu wopyola malire, ndipo sindikunyadira zimenezo. Okushoni inayamba ku Limbe mu 1938, koma mlimi wa kumudzi ankagulitsa kwa bungwe, bungwelo n'kukagulitsa pa okushoni pa mtengo wokwera. Maina a mabungwe anasinthasintha kufikira pa ADMARC mu 1971. Fodya wa bale anali wa maesiteti okha, wolimidwa ndi matenanti amene ankatenga chimanga ndi feteleza pa ngongole kwa mwini esiteti, kufikira mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri agulitsidwa pa mgwirizano pakati pa mlimi ndi kampani, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti.

Pa 1 November 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake, ponena kuti ena amalimidwa ndi ana ndi anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Makampani ena anachotsedwa pa chiletsocho m'zaka zotsatira atasonyeza m'mene amayang'anira alimi awo. Taganizani: dziko limene akapolo analima fodya zaka zoposa 200 ndilo linadzatiloza chala. Zinawawa kumva, koma mlandu suthera poti woneneza nayenso anachimwapo.

Nawonso a ku Glasgow anayamba kuyang'ana m'mbuyo. Mu 2019 sukulu yawo ya ukachenjede inalonjeza kupeza £20,000,000 yogwirira ntchito pamodzi ndi University of the West Indies, itavomera kuti inalandirapo chuma cha ukapolo. Mu 2022 khonsolo ya mzindawo inapepesa poyera. Ndipo kuyambira mu 2006 n'koletsedwa kusuta fodya m'nyumba zosonkhanamo anthu m'Scotland monse. Mzinda umene fodya anaumanga unamtaya fodyayo.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Abale anga, sindikunena kuti mlimi wa lero ndi kapolo, kapena kuti ngongole ya zipangizo ndi yoipa. Fodya wafolera nyumba zambiri ndi malata kuno ku Nsaru, waphunzitsa ana, ndipo ndiye abweretsa ndalama zambiri zakunja m'dziko muno. Chimene mbiri ya Glasgow itiuza ndi ichi: ndalama za fodya zimatsala kwa amene asunga buku ndi kudziwa mtengo, ndipo amene angogwira khasu osadziwa zolembedwa amatsala ndi thukuta. Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsono nyengo ino, musanasainire pepala lililonse, chitani izi.

Choyamba, pepala la mgwirizano liwerengedwe mokweza pa msonkhano wa kalabu, ndipo mayi wa m'nyumba akhalepo, pakuti nayenso adzagwira ntchitoyo. Funsani mtengo wa thumba lililonse la feteleza, muuyerekeze ndi wa m'sitolo. Funsani chimene chidzachitike matalala akaononga munda, kapena mnzanu wa m'kalabu akalephera kubweza. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, khalani ndi kope lanu. Lembani chilichonse chimene mwalandira ndi tsiku lake, ndalama za aganyu, za mikangala, za jeke, ndi kulemera kwa belo lililonse lisanachoke pakhomo. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni madzulo. Werengani ngongole yanu m'mabelo: ngati muyembekeza mabelo 10 ndipo 7 ndi obwezera ngongole, dziwani lero kuti mulimira atatu, ndipo muganize ngati atatuwo akwanira thukuta la miyezi 9.

Chachitatu, sungani nthaka, pakuti ife tilibe nkhalango ina yothawirako monga anachitira a ku Virginia. Fodya asabwerere pa malo amodzi zisanathe zaka zinayi. Pakatipo bzalani chimanga, mtedza kapena udzu wa ziweto, kuti tinyongolotsi totupitsa mizu tichepe. Sinthani malo a nazale chaka ndi chaka, zulani mapesi a fodya mukangotha kukolola, ndipo mtengo uliwonse umene mwadulira chigafa mubzale ina m'malo mwake.

Chachinayi, ana asalowe m'munda wa fodya kapena m'chigafa. Masamba onyowa amalowetsa ululu wa fodya pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire ndi kusanza. Malo a mwana ndi kusukulu, kuti mawa adzakhale iye wowerenga buku.

Chachisanu, tengerani nzeru imodzi yabwino ya amalonda a ku Glasgow: chaka chimene fodya wakomera, phindu lake muliike m'zinthu zina. Gulani mbuzi, ng'ombe kapena nkhumba, kuzani munda wa mtedza ndi soya, konzani dimba. Mbewu zabwino za mtedza zili pafupi, pakuti malo a kafukufuku a Chitedze ndi anansi athu. Ndipo chimanga cha banja chikhale choyamba, fodya pambuyo.

Kwa bambo aja amene anandifunsa, ngati mukumvera: ndalama za fodya zimayenda ulendo wautali, ndipo zina zinamanga misewu ya mizinda imene inu ndi ine sitidzaiona. Sitingathe kuzibweza zonse. Koma zimene zitayika pakati pa nazale ndi pepala la ku okushoni chifukwa chosawerenga, zimenezo tingathe kuzigwira. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama za pamwamba pa pepala ndi za pachala. Zanu ndi za pa mzere wotsiriza, ndipo mzere umenewo uyenera kuwerengedwa lero, mbande zisanapite kumunda. Bwerani nalo pepala lanu la chaka chino ku ofesi ya zaulimi musanasaine, tidzaliwerenge pamodzi.

Tidzakumananso sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino, pamene tidzakamba za kasamalidwe ka nazale. Tsalani bwino.